Dzanja Lamanzere la a Pansipansi

Malemu amene atisonkhanitsa pano anabadwa pa 9 Epulo 1956, m'chipinda cha kuseri kwa shopu yokonzera mawailesi ya bambo athu. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine amene ndaima pamaso panu ndine mng'ono wawo wopondana nawo. Abusa, akuluakulu a mpingo, achibale, anansi, ndi inu oimba amene mwadzaza mbali iyo, banja likukuthokozani chifukwa chobwera kudzatikhuza. Ambiri a inu dzina lawo la pa chiphaso simukulidziwa n'komwe. Mumawadziwa kuti a Pansipansi, ndipo inenso ndiwatchula choncho, poti ndilo dzina limene ankayankha msanga.

Ndisanapite patali, ndinene chimene chikundilemera. Mwana wawo womaliza, amene kunyumba timangomuti Mzime, wakhala apo pambali pa mayi ake. Ambiri mukudziwa kuti pali mnyamata anamufunsira, bambo ake n'kukana, ndipo anakanira pagulu. Mukudziwanso kuti mwanayu analumbira kuti sadzakwatiwa bambo ake asanavomere. Dzana, titangochoka kuchipatala, anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, bambo aang'ono, kodi adadi apita akukanabe? Ndinamuuza kuti adikire lero. Sikuti ndine wouma mtima ayi. Akulu anga anandilamula kuti mawu awo ndidzawanene pamaso pa anthu, popeza kukana kuja kunachitikanso pamaso pa anthu. Koma mawuwo simungawamvetse musanawadziwe magitala awo, choncho mundilole ndiyambire kumayambiriro.

Mu 1963 malemu anayamba sukulu ya pulayimale, ndipo mu 1971 anasankhidwa kupita ku sekondale. Mutu unali wabwino, koma makutu anali kwina. Akaweruka ankakhala m'shopu kuthandiza bambo kuwotcherera mawaya, ndipo wailesi ikakonzedwa iwo ndiwo ankaiyesa. Ife tonse pomvera nyimbo tinkamvera woimba mawu. Iwo ankagunditsa khutu ku sipika, kufunafuna kanthu kena kolira pansi pa nyimbo, kamene ife sitinkakamva. Ankatiuza kuti anthu amayamikira denga ndi penti, koma chimene chasenza nyumba chili m'nthaka. Sekondale anaisiyira panjira mu 1973, bambo atayamba kudwala maso, n'kutenga shopu ija. Pambuyo pake anaphunzira kulumikiza magetsi m'nyumba za anthu, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inatiphunzitsa ife ang'ono awo mpaka tonse tinamaliza sukulu.

Mu 1979 anagula gitala yawo yoyamba kwa woimba wina amene ankasamuka. Anafika kunyumba n'kuuza mayi kuti agula besi, ibwera mawa. Mayi anamva ngati akuti basi yonyamula anthu. Dzuwa lisanalowe mzere wonse wa nyumba zathu unali utadziwa kuti mwana wa wokonza mawailesi wagula basi, ndipo ena anali atayamba kale kupempha ukondakitala. Kutacha kunafika bokosi lalitali lakuda, litamangidwa pa njinga. Mayi anasuzumiramo, n'kufunsa kuti nanga anthu azikhala pati. Basi yeniyeni ndinadzayendetsa ndine mpaka kupuma ntchito, ndipo mayi mpaka imfa yawo ankati mwa anyamata awo awiri, amene anamvetsa nkhani ija ndine.

Kwa amene simukudziwa, besi ndi gitala ya magetsi ya nsambo zonenepa, yolira pansi, yoyenda limodzi ndi ng'oma. Yoyambayi tinaipatsa dzina loti Chitseko chifukwa cha kulemera kwake. Thabwa lake linali lochindikala, khosi lake lonenepa lodzaza dzanja, nsambo zake zinayi zosalala zopanda mizere. Ukachikoleka paphewa ola limodzi, phewa linkakudandaulira mpaka mawa. Koma mawu ake, abale, ine amene khutu la nyimbo ndilibe ndinkawamva m'chifuwa. Sichinkakuwa ayi. Chinkangoti du, du, mawu ozungulira, ofunda, otha msanga kuti ng'oma ipeze malo. Ukakhala kumbuyo kwa holo sunkadziwa kuti chikulira, koma iwo akachotsa zala pa nsambo, ovina ankaima n'kuyang'anana ngati magetsi azima. Nsambozo sanazisinthe kwa zaka zambirimbiri. Ankati thukuta ndi litsiro la zala ndizo zimaphunzitsa nsambo ulemu, ndipo aliyense wofuna kuzipukuta ankathamangitsidwa. Anzawo a m'bandi anawapatsa dzina la Pansipansi m'zaka zimenezi.

Pa 18 Juni 1983 anamanga banja ndi alamu angawa, amene nthawi imeneyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Anakumana chifukwa cha lamba wa gitala. Lamba wa Chitseko ankaduka kawirikawiri, ndiye alamu anawasokera wina wotambalala, wokhala ndi thonje mkati kuti phewa lisamapweteke. Sabata yotsatira akulu anga anapitanso, akuti lambayo wafupika. Sabata inayo, akuti watalika. Mapeto ake alamu anawafunsa ngati vuto linalidi lamba. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Sindikunena kuti akulu anga anali oipa nkhope, poti timafanana, koma nyimbo inawathandiza ndithu. Mulungu anawapatsa ana atatu: mnyamata wachisamba mu 1984, mtsikana mu 1987, ndi Mzime mu 1994, amene anabwera tonse titaganiza kuti amaliza.

Moyo wawo unali wa ntchito ziwiri. Pakati pa sabata anali m'madenga a anthu ndi mawaya, Loweruka anali ndi bandi m'maukwati ndi m'mahotela, Lamulungu anali kuseri kwa kwaya. Sanaimepo kutsogolo. Malo awo anali pambali pa woimba ng'oma, maso ali pa phazi lake. Mu 1991 bandi itayamba kujambula nyimbo, wa ku situdiyo anadandaula kuti Chitseko sichimveka pa wailesi yaing'ono. Anagula besi yachiwiri monyinyirika. Iyi inali ya khosi lopyapyala ngati mpini wa tsache, yokhala ndi timaginito tiwiri totola mawu m'malo mwa kamodzi. Zala zinkathamanga pa khosi limenelo popanda chokhumudwitsa. Mawu ake anali akuthwa, olankhulira m'mphuno, noti iliyonse yomveka payokha. Anaitcha Wamphuno. Ankati Wamphuno ndi wanzeru, amatchula mawu bwinobwino ngati mphunzitsi, koma ukalakwitsa amakuulula pagulu, pamene Chitseko chimakubisira. Loweruka m'mawa ankagoneka onse awiri pa bedi, kuimba mzere umodzi pa uyu, womwewo pa uyo, n'kutiitana kuti tiweruze. Ine ndinkati n'chimodzimodzi, iwo n'kunditulutsa m'chipinda.

Mu 2004 mpingo unagula besi ya nsambo zisanu, ya mabatani ambiri, yokhala ndi batire mkati. Nsambo yachisanuyo inkatsika mpaka mawindo a tchalitchi kunjenjemera, ndipo mawu ake anali oyera ngati ochapidwa. Malemu anaiyamikira, koma anaitcha Bwana, akuti sagwira ntchito asanadye. Tsiku lina pa ukwati batire inatha mkwatibwi ali pakati pa kanjira. Bwana analira ngati ntchentche ya m'botolo, kenako zii. Mwayi wake Chitseko chinali chotsamira pakhoma monga mwa nthawi zonse, ndipo mkwatibwi asanafike kutsogolo nyimbo inali itaimanso pa miyendo yake. Kuchokera pamenepo anayamba chizolowezi choyeza anthu ndi magitala. Munthu wodekha, wosunga chinsinsi, anali Chitseko. Wanzeru koma wapakamwa anali Wamphuno. Wowala kunja koma wofuna kudyetsedwa kaye anali Bwana. Ena mwa inu mukuseka chifukwa mukudziwa kumene anakuikani. Nthawi zambiri ankalondola, ndipo kulondolako kunawapatsa chikhulupiriro chachikulu pa khutu lawo. Ntchito ya magetsi anapuma mu 2016, koma besi sanaisiye.

Mu 2019 Mzime, atamaliza maphunziro a unamwino, anabwera ndi mnyamata kudzamuonetsa kwa makolo. Anali wokonza mafiriji, waulemu, wa ntchito yakeyake. Tinamvanso kuti naye amaimba besi, ndipo tonse tinaganiza kuti nkhani yaphweka. Akulu anga anati akamuone kaye akuimba. Anapita kumene bandi yake inkakonzekera, ine n'kuwaperekeza. Mnyamatayo anali ndi kabesi kofiira, kopepuka, ka khosi lalifupi, ka nsambo zatsopano zonyezimira, zokhala ndi mizere, zolira ngati belu. Ndipo sankakoka nsambo ndi zala ziwiri monga malemu. Ankazimenya ndi chala chachikulu, n'kukoka zam'munsi kuti ziombe pa tizitsulo ta pakhosi, phwa, phwa. Achinyamata amakonda kaimbidwe kameneka, ndipo anzake ankamuchemerera. Akulu anga anaimirira nyimbo isanathe, n'kunena anthu onse akumva kuti, munthu womenya gitala makofi chonchi adzamenyanso mwana wanga. Anatola chipewa chawo n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo dzina la mnyamatayo linakhala Makofi, ndipo linafalikira mpaka kwa anthu amene ankawakonzera mafiriji.

Ena munaseka, ena munati a Pansipansi magitala awazunguza mutu. Ine sindinaseke. Mlongo wathu, amene anatsogola kale, anakwatiwa ndi mwamuna womenya. Ndi akulu anga amene anapita kukamutenga, nkhope itatupa moti mayi anachedwa kumuzindikira. Mwamuna ameneyo nayenso pagulu anali waulemu, wogwada popereka moni. Kuchokera nthawi imeneyo malemu ankayang'ana manja a munthu kuposa pakamwa pake. Kaya pa mnyamatayu analondola kaya anaphonya, mantha awo anali ndi kumene anachokera.

Tinayesa kuwakambirira. Abusa anapita, alamu analankhula mpaka kutopa, ine ndinapita n'kubwerako ndi mwambi woti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mzime sanathawe pakhomo ndipo sanalongolole. Anangoti adikira, mnyamatayo nayenso n'kuti adikira. Liuma mwanayu anatengera bambo ake, palibe wina. Zaka zinayi zinadutsa m'nyumba muja, bambo ndi mwana okondana kwambiri akupatsana moni ngati aneba.

Pa 2 Novembala 2023, akumwa tiyi m'mawa, kapu inawapulumuka m'manja. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Atatuluka, kuyenda kunabwerera ndi ndodo, kulankhula kunabwerera pang'onopang'ono, koma dzanja lamanzere linakana. Woimba besi, dzanja lamanja limakoka nsambo, lamanzere limapanikiza nsambozo pakhosi la gitala posankha noti. Popanda lamanzere palibe nyimbo. Tsiku lina anapempha kuti Chitseko tichiike pamiyendo pawo. Chinatsetsereka n'kugwa pansi, iwo akungochiyang'ana, osatha kuchigwira. Analamula kuti magitala onse atsekeredwe m'mabokosi awo ndipo wailesi isayatsidwe m'nyumba. Ndakhala ndi akulu anga moyo wanga wonse, koma sindinawaonepo atatheratu ngati miyezi imeneyo. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe ndikamakumbukira.

Mu Malichi 2024 firiji ya alamu anga inawonongeka. Ndikuti inawonongeka chifukwa ndi mmene alamu anatiuzira. Ine nditatsegula, madzi anali ozizira bwinobwino. Wokonza amene anabwera mwamudziwa kale. Anagwada kuseri kwa firijiyo, kumasula ichi, kumanga icho, akulu anga ali pa mpando wawo pabalaza, maso kukhoma, ngati m'nyumba simunalowe munthu. Sabata yotsatira firiji inawonongekanso. Ulendo wina mnyamatayo anabwera ndi kabesi kofiira kaja, n'kukatsamiritsa pakhoma pafupi ndi mpando wawo, akuti alibe pokasiya pamene akugwira ntchito. Pochoka anakaiwala pomwepo. Kanakhala pamenepo masiku angapo. Alamu akuti tsiku lina anawapeza atakanyamula ndi dzanja limodzi, kukayeza kulemera, n'kunena kuti aka ndi kachidole ka ana. Koma sanakabweze pakhoma.

Mnyamatayo atabweranso, ine ndinalipo, ndinabwera kudzawameta ndevu. Anapeza kabesi kali pamiyendo pawo. Analumikiza ampulifaya, n'kukoka kampando, n'kukhala kumanzere kwawo, phewa lake kukhudza phewa lakufa lija. Anapisa dzanja lake lamanzere pansi pa khosi la gitala n'kupanikiza nsambo. Anangoti, bambo, inu kokani, ine ndikhala dzanja linalo. Ine ndinangoima, lumo lili m'manja. Kenako malemu anakoka. Chimene chinatuluka sichinali belu lija ayi. Anali mawu ozungulira, ofunda aja, du, du. Alamu anatuluka m'khitchini manja ali sopo yekhayekha, kufunsa kuti ndani watsegula bokosi la Chitseko. Akulu anga anayang'ana kabesiko, n'kuyang'ana zala zawo. Kenako analamula kuti Chitseko chituluke, mnyamatayo achiimbe yekha mmene amaimbira. Chitseko chaulemu chija, ndi nsambo zake zakale zija, m'manja mwake chinayamba kulongolola ngati wogulitsa pamsika. Zaka zonsezi ankatiuza kuti mawu a besi ali m'thabwa ndi m'nsambo. Tsiku limenelo anaona okha kuti mbali yaikulu ili m'zala za woimba.

Mungaganize kuti nkhani inathera pamenepo, koma ndiye kuti akulu anga simunkawadziwa. Mnyamatayo atapita, ananditembenukira n'kuti, waona, ndiye kuti vuto si gitala, ndi munthuyo. Mzime anamva ali m'chipinda, ndipo ndinamumva akulira. Komabe m'mawa mwake malemu anafunsa alamu ngati firiji sinawonongekenso. Kuyambira pamenepo mnyamatayo ankabwera akaweruka kuntchito, osatenganso masipanala.

Besi imodzi kuimba anthu awiri ndi ntchito yovuta. Wopanikiza akafulumira, noti imatuluka yolakwika. Akachedwa, nsambo imachita phokoso pa tizitsulo. Akapanikiza ndi mphamvu yambiri, noti imapotoka. Zala za malemu tsopano zinali zochedwa, ndipo nthawi zina ankaiwala kumene nyimbo ikulowera, n'kupsa mtima, n'kumukalipira, kumutchula dzina lija pamaso pake. Iye ankangoti, tiyambirenso, bambo. Sanawatsogolerepo, ankawadikira. Anayesa magitala onse m'njira imeneyi. Wamphuno ankaulula kulakwa kwa onse awiri mpaka kuyamba kuseka. Chitseko chinkawalemera, miyendo n'kuchita dzanzi nyimbo isanathe. Ankabwerera ku kabesi kofiira, ndipo malemu anavomereza kuti khosi lalifupi lili ndi chifundo pa nkhalamba, ngakhale sanasiye kukatcha kachidole. Dokotala wa mafizo, amene ankawawongola ziwalo, anadabwa kuti lilime lawo layamba kupepuka. Ine ndinaona china. Akulu anga anasiya kuyang'ana zala zawo, n'kumangoyang'ana dzanja lija pakhosi la gitala, mmene linkakhudzira nsambo mongokwanira, osaonjeza.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho anachita chimene sindinkayembekezera. Anauza mnyamatayo kuti, tandionetsa makofi akowo. Atawaonetsa, malemu anakunga chala chachikulu n'kumenya nsambo ndi mphamvu, monga ankaganizira kuti zimachitikira. Noti inafera pomwepo. Anamenyanso mwamphamvu kuposa poyamba, inafanso. Mnyamatayo anawagwira mkono n'kuugwedeza kuti ufewe. Anawafotokozera kuti chala sichikhala pa nsambo, chimangogogoda n'kuchoka, monga mlendo agogodera pakhomo la eni ake, ndipo ukabwera ndi ukali nsambo siyankha. Anayesa mofewa. Inalira bwinobwino ngati belu. Kenako anati atopa, akufuna kukagona. Kwa Mzime sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Alamu akawafunsa ankangotembenukira kukhoma. Kubweza mawu kunkawavuta akulu anga kuyambira ali mwana, ndipo ukalamba sunawachiritse.

Pa 21 Meyi chaka chino anayamba kumva mutu ndi chizungulire, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. M'mawa mwake, alamu atapita kunyumba kukasintha zovala, Mzime ali pa ntchito ku wodi ina, ndinatsala nawo ndekha ndikuwamwetsa tiyi ndi supuni. M'pamene anandipatsa mawu aja. Lilime linali lolemera, koma ndinamva liwu lililonse, ndipo anandibwerezetsa kuti aone ngati ndagwira. Ndinawafunsa kuti bwanji osamuuza okha mwanayo akabwera masana. Anati amuuza, koma zikavuta ndidzanene ndine, ndipo osati kuseri. Masana omwewo sitiroko yachiwiri inawatseka pakamwa. Ndinasunga mawuwo, ndikuyembekeza kuti atsitsimuka n'kuwanena okha, chifukwa mawu otere amakoma akachokera kwa mwini wake. Sizinatheke. Anakhala chigonere mpaka pa 27 Meyi, pamene anatisiya dzuwa litangotuluka, Mzime atawagwira dzanja. Amwalira ali ndi zaka 69.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, makamaka anzake a Mzime amene ankasinthana naye kuti apeze mpata wokhala ndi bambo ake. Ndikuthokoza dokotala wa mafizo chifukwa cha kupirira kwake, poti malemu sanali wodwala wophweka. Ndikuthokoza abusa, mpingo ndi kwaya imene anaitumikira zaka zonsezi ali kumbuyo kwake. Aneba amene mwatibwereka mipando ndi kutiphikira, anzanga oyendetsa mabasi amene mwanyamula anthu, oimba amene mwasiya ntchito zanu lero, Mulungu akubwezereni. Ndikuthokozanso amene wamanga masipika amene ndikulankhuliramowa. Waimirira kumbuyo uko pafupi ndi ampulifaya kuyambira m'mawa, chifukwa sakudziwa kuti pamaliro ano malo ake ndi ati.

Malemu asiya mkazi wawo, amene akhala naye zaka zoposa makumi anayi. Asiya ana atatu ndi zidzukulu zisanu. Asiya ife abale awo atatu. Asiya mpongozi mmodzi, mkazi wa mwana wawo wachisamba. Asiyanso akamwini awiri. Ndaona ena mwadzutsa mitu. Sindinalakwitse kuwerenga, ndawerenga monga anandituma.

Mzime, mwana wanga, tamvera tsono. Bambo ako anati ndiwauze anthu kuti anaweruza dzanja asanalidziwe. Anati, dzanja limene ndinalinyoza landitumikira chaka chathunthu, ndinkalikalipira, silinandibwezerepo. Mwana wanga ndingathe kumusiya m'dzanja limenelo. Anatinso, dzina la Makofi ndinapereka ndine, ndipo ndalichotsa ndine, lisamvekenso pakamwa pa munthu. Sanapite akukana, mwana wanga. Anavomera, ndipo anavomera ndi mtima wonse.

Choncho mkamwini, inu muli kumbuyoko, siyani mawayawo, wina awayang'anira. Bwerani kuno kutsogolo, mudzakhale pamodzi ndi alamu anu. Tikamanyamuka, bokosi ligwiridwa ndi ana a m'nyumba muno. Mbali yamanzere ndi yanu.

Akulu anga, a Pansipansi, mawu anu ndapereka monga munandipatsira, osachotsa kapena kuonjezera. Ntchito yanu mwamaliza. Usani mumtendere wa Ambuye.